Ndowa ya Loweruka

Bambo ake a Chete ankasewera gofu Loweruka lililonse, ndipo Loweruka lililonse ankaluza.

Chete silinali dzina lake lenileni. Anamupatsa ndi anzawo a bambo akewo chifukwa ukamulonjera ankayankha ngati akuuza nsapato zake. Anali atangolemba mayeso omaliza a kusekondale, ndipo podikira zotsatira ankathandiza ku shopu ya bambo ake, komwe ankasindikiza makadi a ukwati, zikwangwani ndi mapulogalamu a maliro. Iye ntchito yake inali yodula mapepala ndi kuwamanga m'mitolo. Ankaikonda ntchitoyo chifukwa makina akamalira palibe amene amadikira kuti uyankhulepo.

Bambo akewo pa pepala anali ndi maso oopsa. Akaliyandikiza pamphuno ankaona ngakhale kadontho kosowa pa chilembo. Koma zakutali ayi. Mpira akangoumenya n'kunyamuka, kwa iwo unali wapita kumwamba osabweranso. N'chifukwa chake anayamba kumutenga Chete kuti azikhala maso awo. Iye ankaima kumbuyo, n'kuona komwe mpira wagwera, n'kuthamangira kutsogolo kukaima pomwepo mpaka akuluakuluwo afike.

Kwa amene sanawaonepo, masewerawa amaoneka opepuka: kampira koyera, ndodo, ndi kadzenje kali kutali ndi kambendera kake. Amene wamenya kochepa pomaliza maenje onse ndiye wapambana. Lamulo lalikulu ndi limodzi, mpira umamenyedwa pomwe wagwera. Ukagwera kuseri kwa mtengo, pomwepo. Ukagwera m'thengo, pomwepo. Suukhudza ndi dzanja, suukhudza ndi phazi.

Ankasewera anayi. Panali a Dokotala a mano, oseka asanamalize nthabwala yawo. Panali a Loya, amene ngakhale mpira wawo ukagwera m'madzi ankaupezera chifukwa chomveka. Panali a Madala, omwe anakalambira pa ntchito yoyendetsa sitima, mawondo awo olira ngati chitseko. Wachinayi anali bambo ake a Chete, amene pabwalopo palibe ankawatchula dzina lina koma a Sopo.

Dzinalo linachokera ku mwambo wawo. Anthu anayiwa sankabetcherana kanthu. Amene wathera kumapeto ankatsuka ndodo za anzake onse. Kuseri kwa kalabu, poimika magalimoto, panali mpopi. A Dokotala ankabweretsa ndowa yabuluu, sopo ndi mswachi wakale, ndipo woluzayo ankanjuta pamenepo n'kumakwecha matope m'timizere ta ndodo iliyonse, anzake ali pakhonde kumwa zoziziritsa kukhosi. Kumuthandiza kunali koletsedwa. Ndipo kuyambira kale, wonjuta anali mmodzi yemweyo.

"A Sopo, yanga ija mukwechenso, ndikuonabe dothi kuchokera kuno!" ankakuwa a Dokotala.

"Mano a anthu mumatsuka choncho?" ankayankha bambo ake akuseka, thovu lili m'zigongono.

Iwo zinkaoneka kuti sizinkawapweteka. Chete zinkamupweteka, koma ankangomeza. Ankakhala m'galimoto, chitseko chili chotsegula, n'kumayang'ana foni yomwe munalibe chilichonse.

Tsiku lina pamalopo panaima galimoto, ndipo munatuluka mtsikana wa m'kalasi mwake, uja ankakhala kutsogolo n'kumayankha mafunso aphunzitsi asanamalize kufunsa. Anabwera kudzasambira ndi mayi ake. Anaona Chete, anaonanso bambo wonjuta pa ndowa, malaya atatuluka mu thalauza, magalasi atatsetserekera kumphuno.

"Iii, Chete! Si adadi ako awa? Sindimadziwa kuti amagwira ntchito kuno."

Panafunika mawu ochepa chabe. Akanangoti ayi, akusewera, ndi mwambo wawo. Koma asanapeze poyambira mnzakeyo anali atamwetulira kale mwachifundo n'kumapita. Bambo ake sanamve kanthu. Anakweza ndodo m'mwamba, n'kuiyang'anitsitsa padzuwa ngati khadi ya ukwati yomwe yangotuluka m'makina.

Loweruka lotsatira, pa dzenje lachiwiri, mpira wa bambo ake unakakhala pakati pa mizu iwiri ya mtengo. Chete anafika yekha. Anadziwa zomwe zikubwera: amenya muzu, amenyanso muzu, a Dokotala aseka mpaka kugwira m'mimba. Anacheuka. Akuluakulu aja anali kutali, akukangana za mphepo. Sanaganize kwenikweni. Phazi linangoti pang'ono, mpira n'kugubuduka kukaima pa kapinga wabwino.

"Uli pati, mayi?" anafunsa bambo ake akufika. Ankamutchula choncho kuyambira ali khanda.

"Apa."

"Eee, wandikonda lero!"

Anaumenya bwino moti ngakhale a Loya anaomba m'manja ndi dzanja limodzi pa ntchafu.

Chete analumbira mumtima kuti n'kamodzi komweko. Koma pa dzenje lina mpira unalowa m'udzu wautali, ndipo phazi linali litadziwa kale njira. Tsiku limenelo, kwa nthawi yoyamba, bambo ake sanathere kumapeto. Anathera kumapeto ndi a Madala.

Kunyumba kunali ngati kwabadwa mwana. Bambo ake anasuntha tebulo la pabalaza, n'kugoneka kapu pa kapeti, n'kumalowetsamo mpira kwinaku akufotokozera mayi ake a Chete mmene asinthira kagwiridwe ka ndodo.

"Chinsinsi chili pa chala ichi, amayi. Zaka zonsezi ndimachiika apa, pomwe chimafunika apa."

"Chala chimenecho chikanathanso kukonza mpopi wa kubafa, bwenzi tili patali," anatero mayi ake, akuvula nsapato za kuchipatala komwe ankagwira unamwino. Koma nawonso ankamwetulira. Amuna awo anali asanaimbepo m'bafa, tsiku limenelo anaimba.

Ndiye Chete akanasiya bwanji? Masabata anapita. Sankachita pa dzenje lililonse, ankasankha. Anaphunzira kuyenda ngati akusakabe mpira atauona kale, anaphunzira kugwetsa chipewa pafupi nawo. Bambo ake ankaika timadontho tiwiri tofiira ta inki ya ku shopu pa mipira yawo yonse kuti isasokonekere ndi ya anzawo, ndipo Chete anayamba kuyenda ndi umodzi m'thumba la jekete, kuchitira kuti wina ukasowa. Mpira ukasowa amakuonjezera zomenya, ndiye bambo ake mipira inasiya kuwasowa.

Ku shopu makasitomala ankabwera kudzatenga makadi awo n'kuchoka atamva za chala chija. Wina bambo ake anamugwiritsa rula ngati ndodo. Chete ankatsitsa chodulira mapepala mwamphamvu kuti asamve.

Chomwe sanachiganizire chinali chakuti ndowa siikhala yopanda mwini. Tsopano Loweruka lililonse inkagwera a Madala. Iwo kunjuta sankatha. Ankatembenuza kireti ya mabotolo n'kukhalapo, mwendo umodzi atautambasula, ndipo podzuka ankagwira kaye galimoto, n'kuima kanthawi maso atatseka. Sankadandaula. Ankatsuka pang'onopang'ono, n'kumaika ndodo m'zikwama motsatira kutalika kwake.

Bambo ake a Chete pakhonde sankakhazikika. Ankaimirira, n'kukhala, n'kuimiriranso.

"Akulu, tiyeni tiwakhululukire lero. Mawondo awo mukuwaona."

"Khalani pansi a Sopo," ankatero a Loya. "Inu munatsuka zaka zingati? Alipo anakukhululukirani? Lamulo tikaliyamba kulipinda lero, mawa tilipeza lili kabudula."

Chete ankawaonera a Madala pagalasi la galimoto. Kale ankachita manyazi ndi bambo ake, tsopano manyaziwo anali atasamuka, akukhala mwa iye mwini, ndipo awa anali olemera. Lachisanu lililonse ankadziuza kuti mawa sakhudza kanthu. Mawa likafika, bambo ake n'kumugwira paphewa n'kunena kuti "Tiye, kamwayi kanga," mtima unkafooka. Chimene ankaopa koposa sichinali kukalipiridwa. Ankaopa nkhope ya bambo ake tsiku lomwe adzadziwe kuti chala chija sichinasinthe kanthu.

Kenaka unafika ulendo wawo wa chaka ndi chaka, wokasewera masiku awiri pa bwalo lina lakutali, lomwe linali m'mphepete mwa kamtsinje. Anakwera galimoto yaikulu ya a Loya, zikwama za ndodo zitapanikizana kumbuyo, ndowa yabuluu ili pamwamba pake. Pa ulendowu woluza ankatsuka ndodo ndi nsapato zomwe.

"Chaka chatha a Sopo anatsuka mpaka zala zinachita makwinya ngati za agogo," anatero a Dokotala atakhala kutsogolo. "Woyang'anira hotela anafuna kuwalemba ntchito."

"Chaka chino muona nokha," anatero bambo ake. "Mswachi wanuwo mukadzitsukire m'kamwa."

"Munthu wasintha uyu! Mwana iwe Chete, adadi akowa akudya chiyani masiku ano?"

Chete anayang'ana panja. A Loya anamuyang'ana pa kagalasi koonera kumbuyo, kenaka anayang'anana ndi a Dokotala. Iye anaona, koma sanamvetse.

Bwalo la kumeneko linali lankhanza. Njira zake zinali zopapatiza, ndipo m'mbali munali udzu wofika m'mawondo, wonyowa pansi. Tsiku loyamba, masewera akupita kumapeto, bambo ake ndi a Madala anali pafupifupi ofanana. Bambo ake anamenya mwamphamvu, mpira n'kukhotera kumanja, kukagwera m'udzu pafupi ndi kamtsinje kaja. Chete anathamanga. Anasaka, anapalasa ndi mapazi, masokosi n'kunyowa. Mpira osaoneka. Mawu a a Dokotala ankayandikira. Analowetsa dzanja m'thumba, n'kuwerama ngati akumanga nsapato, n'kusiya mpira wina uja pamalo pomwe udzu unali waufupi.

"Nawu!"

Bambo ake anamenya, napitirira ndi anzawo awiri. A Madala, monga mwa masiku onse, anatsalira m'mbuyo. Anadutsa m'udzu muja kufupikitsa njira. Chete atacheuka anawaona ataima. Anayang'ana pansi, anatsamira pa ndodo yawo, n'kuwerama movutika. Atadzuka dzanja linalowa m'thumba.

Madzulo a tsikulo ndowa inagweranso a Madala. Kuseri kwa hotela kunalibe kireti, ndiye anakhala pa njerwa. Anzawo anali mkati. Chete ankadutsa chapatali kupita kuchipinda chake pamene anamva akumuitana.

"Mdzukulu, tabwera unditsegulire mpopi. Kutsegula mpopi si kuthandiza, a Loya sangatimange."

Anatsegula. Madzi akuthira m'ndowa, a Madala anapukuta dzanja pa thalauza, n'kutulutsa mpira wamatope. Anaupaka ndi chala chachikulu mpaka timadontho tiwiri tofiira tinaonekera.

"Ndinauponda m'udzu muja. Ndinadabwa kuti bambo ako ali ndi mipira yobereka. Amenya umodzi, ifika iwiri."

Madzi anasefukira, n'kuwanyowetsa nsapato onse awiri. Anatseka mpopi.

"Amakutuma?"

"Ayi."

"Sindinamve."

"Sadziwa, agogo."

A Madala anamuyang'ana nthawi yaitali. Kenaka anapumira m'mwamba ngati munthu amene watula katundu.

"Ndimafuna kumva zimenezo. Bambo ako gofu sadziwa, koma ndimakana ine kuti angabe." Anamuikira mpirawo m'dzanja, n'kumupinda zala. "Tenga, si wanga. Ine sindiuza munthu, pakamwa panga panatopa kale. Koma undiuze chimodzi, mawondo angawa anakulakwira chiyani?"

Ananena akuseka pang'ono, ndipo kusekako n'kumene kunamupweteka kwambiri. Chete anafuna kunena pepani. Anafuna kulanda mswachiwo. Anangoima, mpira uli m'manja, mpaka a Madala anati, "Pita usazizidwe," n'kuyambanso kukwecha nsapato za a Dokotala.

M'mawa mwake bambo ake anadzuka ndi nyimbo. Pa tiyi anajambula bwalo lonse ndi chala patebulo, kuonetsa a Loya pomwe adzawadutsire.

Pa dzenje loyamba mpira wawo unakalowa pansi pa chitsamba cha minga. Chete anafika, anauona, n'kuika manja kumbuyo. Mapazi anawaumiriza pamodzi ngati ali pa mzere wa kusukulu.

"Uli pati, mayi?"

Analoza.

Bambo ake anagwada, anasuzumira, anakanda m'mutu. Anamenya koyamba, kunauluka masamba. Kachiwiri mpira unasuntha pang'ono n'kubwerera. Kachitatu minga inawakola malaya.

"Abwerera a Sopo athu!" anakuwa a Dokotala. "Tinakusowani achimwene, munali kuti?"

Bambo ake anaseka nawo. Pa dzenje lachitatu anasekabe. Koma mpira unapitiriza kugwera komwe unkagwera kale: mumchenga, kuseri kwa mitengo, m'madzi. Wina unasowa m'udzu, Chete anasaka ndi mtima wonse osaupeza, n'kunena kuti sanaupeze. Bambo ake anasiya kuseka. Ankayang'ana dzanja lawo, n'kusuntha chala chija uku ndi uku, n'kuvula magalasi kuwapukuta. Pena ananena chapansipansi, osati kwa munthu aliyense, "Koma ndikugwira chimodzimodzi ndi dzulo."

Chete akanakonda kukwapulidwa.

A Madala tsiku limenelo anasewera mwakachetechete, timamenyedwe tawo tatifupitifupi, tolunjika. Pomaliza panalibe chowerengera. Ndowa inabwerera kwa mwini wake wakale.

Bambo ake ananjuta kuseri kwa hotela, nsapato za anzawo zitandandalikidwa patsogolo pawo. Chete sanakabisale. Anaima pafupi, dzanja lili m'thumba, likufinya mpira wamatope uja mpaka zala kuwawa.

"Mwina ndinadzitama msanga," anatero bambo ake osadzutsa mutu. "Amayi ako akandiseka. Koma usadandaule, tikafika kunyumba ndikaonanso chalachi. Pali pomwe ndalakwitsa."

Akanangokhala chete, zikanathera pomwepo. Bambo ake akanatha miyezi akusaka chinthu chomwe sichinatayike chifukwa sichinakhalepo. Chete anatulutsa mpira uja n'kuuika pa njerwa, pafupi ndi sopo.

Bambo ake anautola, n'kuuyandikiza pamphuno.

"Wanga uyu. Waupeza kuti?"

"Ndi wa dzulo. Wa ku kamtsinje kuja. Anautola ndi a Madala."

"Wa ku kamtsinje ndinamenya ine, unaupeza ndiwe."

"Umene munamenyawo unachokera m'thumba mwanga, adadi."

Mswachi unaima. Thovu linkatsika pang'onopang'ono pa mkono wawo mpaka kudontha pa chigongono.

"Dzulo lokha?"

"Ayi."

"Kuyambira liti?"

"Kuyambira tsiku lomwe munasiya kutsuka. Ndimausuntha ndi phazi. Ukakhala poipa."

Anadikira kuti akalipe. Bambo ake anangoyang'ana dzanja lawo lamanja, chala chija, ngati n'cha munthu wina. Kenaka anaseka kamodzi, kuseka kopanda mawu.

"Ndipo ine ndinaphunzitsa makasitomala."

"Pepani, adadi. Ndimangofuna kuti... anthu amakuonani pa ndowa. Mnzanga wina anaganiza kuti ndinu wantchito."

"Ndiye unachita nane manyazi."

Sanafunse, ananena. Chete misozi inali itayamba kale, koma bambo ake sanamuyang'ane. Anaika mswachi m'ndowa, n'kuimirira.

"Tiye."

"Kuti?"

"Amene wakhala akutsuka m'malo mwanga ali mkatimu."

Anzawo aja anali pa tebulo la pakona, pafupi ndi zenera. Bambo ake anaima patsogolo pawo, manja akudontha madzi pa matailosi, Chete ali kumbuyo kwawo.

"Akulu, masabata onsewa sindinapambane ine. Mpira wanga umasunthidwa. A Madala, ndowa zonse munatsukazo zinali zanga. Pepani."

A Dokotala anazunguza botolo lawo patebulo. A Loya anatsokomola.

"Khalani pansi, achimwene," anatero a Loya. "Nkhaniyi si yachilendo kwa ife. Ine ndi a Dokotala tinaona kalekale. Munthu womenyera m'thengo tsiku lililonse, mpira wake n'kumapezeka pa kapinga ngati wayalidwa? Tinangoti tiwasiye, munthu watopa ndi sopo, wapeza njira yake. Ubwino mwanena nokha."

"Njira yanga?"

"Aaa, tisalowe m'zambiri. Mwana amachita zomwe wauzidwa."

Chete anakumbukira kagalasi ka a Loya. Anamvetsa tsopano kuyang'anana kwa m'galimoto kuja. Masabata onsewa anthu awiriwa ankamwa ndi bambo ake, kuwaombera m'manja, kwinaku mumtima akuti ndi wakuba wotuma mwana.

"Mumaganiza kuti ndimamutuma," anatero bambo ake pang'onopang'ono. "Ndipo mumangondiyang'ana."

"Nanga tikanatani? Kukuchititsani manyazi pamaso pa mwana?"

Bambo ake anatsegula pakamwa, n'kutsekanso. Chete anadziwa chifukwa chake. Kuti adziyeretse anayenera kuloza iye, ndipo sakanatero. Akanalola dzina la wakuba liwakhalire.

"Sanandituma."

Mawuwo anatuluka mokweza kuposa mmene anafunira, moti woperekera zakumwa anacheuka. Chete anapitiriza, akuyang'ana botolo la a Dokotala chifukwa nkhope zawo sakanatha kuziyang'ana.

"Sanandituma. Adziwa lero, panja apo. Ndimachita ndekha akakhala kutali. Iwo saona patali, mukudziwa. Amaganiza kuti ndi chala."

"Chala?" anafunsa a Dokotala. Pakamwa pawo panayamba kugwedera, koma ataona nkhope ya mnzawo anakumeza kusekako.

"Mwana akunena zoona," anatero a Madala. "Ndinamufunsa dzulo. Inu a Loya, ntchito yanu yonseyi, munagamula mlandu osafunsa mboni? Mukanandiuza ine maganizo anuwo, bwenzi nditakuuzani kuti mukulota. Komanso mwati munaona kalekale? Ndiye mumandionera ndili pa kireti mukudziwa?"

A Loya anayang'ana kudenga. Aka kanali koyamba Chete kuwaona akusowa chifukwa chomveka.

"Tinalakwitsa pamenepo," anatero pomaliza. "A Sopo, pepani."

"Pepani achimwene," anatero a Dokotala. "Khalani, ndikuguliranitu chozizira."

"Nsapato zanu sindinamalize," anatero bambo ake, n'kutuluka.

Pobwerera m'galimoto munalibe nthabwala. A Dokotala anayesa imodzi, inafera m'njira, n'kutsegula wailesi. Bambo ake anakhala pa zenera, akuyang'ana kunja komwe sankaonako kanthu. Chete anakhala pakati, ndipo a Madala anagona, mutu wawo n'kumagwera paphewa pake galimoto ikakhota. Sanasunthe, ngakhale phewalo linachita dzanzi.

Ataima pothira mafuta, enawo anapita kuchimbudzi. Bambo ake anatsika kukawongola miyendo, ndipo Chete anawatsatira, n'kuima pambali pawo pafupi ndi popopera matayala.

"Adadi, mudzapitanso Loweruka?"



"Ndidzapita. Ndikapanda kupita adzati n'zoona. Komanso a Madala akaluza ndizitsuka ine mpaka zawo zija zikwane, a Loya anene zomwe anganene." Anavula magalasi, n'kutikita pomwe amakanikiza mphuno. "Koma iwe usadzabwere."

"Nanga mpira azikuonerani ndani?"

"Ndizisaka ndekha. Azindidikira."

Chete anavomera. Panadutsa lole yaikulu, onse awiri n'kuiperekeza ndi maso mpaka inakhota.

"Ndowa ija sinkandichititsa manyazi ine, mayi," anatero bambo ake. "Lero ndiye ndawamva manyaziwo."

Sananene mokalipa. Anabwezera magalasi kumaso, n'kuona kuti enawo akubwerera ku galimoto.

"Amayi ako akafunsa kuti zayenda bwanji. Ndiwauze ndine, kapena uwauza ndiwe?"



"Ndiwauza ndine."

"Uyambe asanavule nsapato," anatero bambo ake. "Akakhala pansi amafunsa mafunso ambiri."